Kutsuka Laputopu ya Ivy

"Zovala zachapidwa, ziwiya zatsukidwa. Chatsala n'chimakina ichi," anatero a Killion akukankha laputopu ija pamphasa.

Tsiku limenelo abale ankagawa katundu wa Ivy, mlongo wake wamkulu wa Gresham, amene anamwalira atangodwala pang'ono. Ivy ankagwira ntchito pa loji ina ku Kande, ndipo ndiye ankamulipirira Gresham ku koleji. Maliro atatha, sukulu nayo inathera pomwepo. A Killion, amalume awo, anagamula kuti laputopu ipite kwa mwana wawo Sophie, yemwe ankanyamuka mawa lake kukayamba koleji ku Mzuzu. Gresham anapatsidwa ambulera ndi mpando wapulasitiki. Palibe anatsutsa. Munthu wosiya sukulu laputopu akatani nayo, ayanikepo chinangwa?

Kenako a Killion anakumbutsa anthu kuti cha malemu sichilowa m'nyumba ya wina chisanatsukidwe, choncho zonse zimene Ivy anasiya m'katimo zifufutidwe. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kanthu kopyapyala ngati bisiketi. Anati anagula ku Mzuzu, dzina lake SSD, ndipo wogulitsayo anawalonjeza kuti makina okalamba amathamanga nako ngati atsopano.

"Iwe unaphunzirako zimenezi usanabwerere kumudzi kuno. Ika ichi, zakale uchotse zonse. Mwana wanga asamakalote maliro kusukulu."

Masana Gresham anapita pamsika wa Kande kwa Lonjezo, bambo wa ku Thyolo amene ankaika nyimbo m'mafulashi a anthu. Kumeneko kunali magetsi ndi zipangizo. Atayatsa laputopu, inatenga nthawi ngati ikuganiza kaye ngati n'koyenera kudzuka. M'kati munkamveka tche, tche, tche. Lonjezo anatchera khutu n'kupukusa mutu.

"Nkhalamba iyi yayamba kuitanitsa abale, achimwene."

Gresham ankadziwa kale. Disiki yakale ili ndi kambale kozungulira ndi kasingano, ndipo ikayamba kulira chotero, lero iyaka, mawa ikana. Pa sikirini panali foda imodzi yolembedwa dzina la Ivy. Chiikireni maliro anali asanaitsegule, ndipo ngakhale tsiku limenelo chala chake chinakana. Anangoyang'ana kukula kwake. Inali yaikulu kuposa fulashi yake ndi foni yake kuphatikiza.

Anathimitsa, anagadamitsa laputopu, n'kumasula tizomangira ta pansi. M'fumbi la m'katimo munali katsitsi kamodzi ka mesi imene Ivy ankaluka kumutu. Anakasiya pomwepo. Anasolola disiki yakale ikadali yofunda, analowetsa yatsopano, n'kuikamo mapulogalamu. Atayatsanso, makina anadzuka nthawi yomweyo, opanda phokoso, opanda chilichonse chosonyeza kuti munthu anawagwirapo. Anali oyeradi monga amalume ake anafunira.

Tsopano zonse za Ivy zinali m'kachitsulo kodwala kamene kanali patebulo.

Lonjezo anamuuza kuti azithire mu kompyuta yake, adzamusungira. Gresham anayang'ana mafulashi a makasitomala amene anali m'kambale, a asodzi, a akabaza, a ana asukulu, onse oyembekezera kulowa m'kompyuta imodzimodziyo. Anakana. Sanafune kudzapeza mlongo wake akuoneredwa m'mabala a Kande pakati pa nyimbo za ku Zambia.

"Ndiye ikani kadisiki kanuko m'thumba muzipita," anatero Lonjezo. "Amalume anu anati muchotse, sanati mudye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Fodya ameneyu wanyowa kale," anayankha Gresham.

Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana kumsewu. Akasunga yekha, zikhala zake, koma zidzafera m'sutikesi iye alibe n'potsegulira pomwe. Akazithira m'chatsopano, zikhala ndi moyo, koma zipita ku Mzuzu m'manja mwa wina, komanso aphwanya mawu a amalume ake. Pomaliza anabwereka khebulo kwa Lonjezo, analumikiza disiki yakale, n'kuyamba kukopera foda yonse m'laputopu.

Zinkayenda, n'kuima, tche, tche, n'kuyambanso. Mayina a mafayilo ankadutsa pa sikirini. Ataona limodzi lolembedwa kuti "Gresham akuvina," anatembenuza mpando. Lonjezo, amene pakamwa sipankatseka, anachepetsa nyimbo. Zitatha, Gresham anabwerera kunyumba wapansi, n'kukakhala pampando wake wapulasitiki m'chipinda cha Ivy chimene tsopano chinalibe kama kapena katani.

M'mawa anakumana ndi a Killion ndi Sophie pasiteji ya minibasi. A Killion anafunsa ngati watsuka.

"Chakale ndachotsa, amalume. Ndi ichi."

A Killion anakayang'ana kachitsuloko patali osakagwira, nati akakataye m'chimbudzi. Kenako anapita kukalimbana ndi kondakitala amene ankafuna kupanikiza thumba la ufa wa kondoole pansi pa mabigiri.

Sophie anamuseka msuweni wakeyo kuti waonda ngati usipa wouma, ndipo iye akakapeza mwamuna wonenepa ku Mzuzu Gresham asadzadandaule. Gresham anayesa kumwetulira. Anamupatsa chikwama cha laputopu, n'kumuuza motsitsa mawu kuti m'katimo muli foda imodzi imene sanafufute.

Kuseka kunatha. Sophie anachigwira chikwamacho motalikitsa pang'ono ndi thupi lake.

"Muli chiyani?"

"Sindinatsegule."

"Nanga adada akadziwa?"

"Makinawa ndi ako tsopano. Ukaona kuti zikukulemera, n'kungodina kamodzi basi. Sindidzakufunsa."

Sophie anayang'ana kumene kunali bambo ake. A Killion anali akubwera, akupukuta ufa m'manja. Gresham anayembekezera kuti mtsikanayo aulula, ndipo sakanamuimba mlandu. Koma kondakitala anamenya chitseko, anthu anayamba kukankhana, Sophie n'kulowa osaulula. Anakhala pawindo, chikwama pamiyendo. Minibasi itayamba kuyenda anatsegula galasi pang'ono.

"Ine sindikhudza. Udzatsegule wekha ndikabwera pa holide."

A Killion anafunsa kuti mwanayo akuti chiyani, Gresham n'kuyankha kuti n'zachisuweni chabe. Anasiyana pamphambano, amalume kulowera kumunda, iye kunyumba kopanda womufunsa kuti wachokera kuti. Ali m'njira anakumana ndi mphunzitsi wina akukankha njinga. Anamuimitsa, ndipo kwa nthawi yoyamba chisiyireni sukulu, anafunsa kuti a koleji chaka chino atsekera liti.