Masamba pa Msewu wa kwa Mphanda

Chikho chija chinkakhala pa shelefu m'sitolo ya Sabiti, pakati pa sopo ndi machesi, ndipo mwini wakeyo ankasungiramo masiwiti. Izi ndi zimene zinkamupweteka kwambiri Felton. Kugonja pa mpikisano wa njinga kumachitika. Koma kuti chikho chimene iwe umachita kuchilota, mnzako azitapamo masiwiti n'kumagawira ana a makasitomala, uko ndiye kukutola. Felton analibenso poyang'ana pena, pakuti utelala wake ankachitira pakhonde pa sitolo yomweyo ku Mponela. Akangodzutsa mutu pa makina, maso ankalowa pawindo n'kukagwera pa chikho.

Mpikisanowo unkachitika pa chikondwerero cha ufulu m'mwezi wa Julaye. Adauyambitsa mphunzitsi wina wa masewera amene ankati kupalasa pa msewu waukulu n'kwa ana. Iye ankalemba njira ndi njereza pamiyala ndi pamitengo: kuchoka pabwalo la Mponela, kulowera kumapiri a ku Ntchisi, kudutsa m'minda, m'madambo ndi m'mitsinje yopanda milatho, n'kubwerera pabwalo pomwepo. Malo ena njinga ndiyo inkakwera munthu. Chaka ndi chaka nkhani inkatha chimodzimodzi. Felton ankatsogola m'mapiri monse, koma pofika kuchidikha, miyendo itayamba kulemera, ankangomva belu likulira kumbuyo. Sabiti sankadutsa mwakachetechete ngati anzake. Ankayamba waliza belu, ngati akupempha njira kwa mayi wosenza nkhuni.

"Pepani a telala," ankatero m'mawa mwake potsekula sitolo. "Chaka chamawa mudzabwere ndi makina osokerawa. Paja ndi amene mumawapalasa bwino."

Kunyumba nako kunalibe mpumulo. Mkazi wake, Lidia, anali asadapondeko pabwalo kukamuonerera. "Abambo a Tabita, imvi zayamba izi," ankatero. "Anzanu akumanga zigafa za fodya, inu muli kalikiliki kuthamangitsa mphepo." Kumudzi kwawo kwa Lidia, kwa Mphanda, ndiye kudali koipa. Apongozi ake, a Marita, sankalankhula naye maso ndi maso, monga mwa mwambo, koma pakamwa pawo padali tsabola. Felton akafika, iwo ankatembenukira kukhoma n'kufunsa mwana wawo mokweza, kuti ngakhale nkhuku zimve: "Kodi apongozi abwera nacho chikho chija, kapena tiwabwereke chathu cha pamtsuko?"

Chaka chimenecho bondo lamanzere lidayamba kutupa akapalasa mtunda wautali, ndipo Felton adadziwa yekha kuti akalephera tsopano, basi kwatha. Adaivula njinga yake chilichonse cholemera. Madigadi adachoka, belu lidachoka, kaliyala nayo adaimasula n'kuiponya padenga la khola la nkhuku. Lidia adakalipa mpaka mawu kusasa, chifukwa kuchigayo chimanga chinkapita pa kaliyala yomweyo. Kenaka Felton adakamunyengerera mphunzitsi uja kuti njira idzere kwa Mphanda, ati kuli chitunda chabwino. Chitunda chidalikodi, koma chimene iye ankafuna n'chakuti a Marita amuone ndi maso awo akudutsa pakhomo pawo ali patsogolo, Sabiti asakuoneka n'komwe.

Usiku woti mawa mpikisano, Lidia adamuyang'ana akupaka mafuta tcheni, n'kupumira m'mwamba. "Chabwino, ndibwera," adatero. "Ndidzaone chimene chidandilanda kaliyala. Koma muwine kapena musawine, mkuja ibwerere."

Tsikulo kudacha ndi mphepo ya mwera. Malole adatuta anthu m'midzi yonse, ndipo bwalo lidadzaza ndi amayi ovala nsalu za chipani. Opalasa adawaimika pamzere m'mawa, koma akuluakulu adali asadamalize zolankhula. Uyu akakhala pansi, wina ankadzuka n'kuyambira pomwe mnzake adayambira. Felton ankangopondaponda, bondo likuuma ndi kuzizira, mumtima akutukwana. Wezulo italira, adachoka ngati wabayidwa.

Tsiku limenelo njinga inkamumvera. Padambo loyamba anzake adatitimira m'matope, iye adadutsa m'mphepete mwa mizere ya mbatata. Pamtsinje adaiponya paphewa, yopepuka ngati mtolo wa mapesi, n'kuwoloka akudumpha pamiyala. Atafika pamwamba pa chitunda cha kwa Mphanda adacheuka. Kumbuyo kunalibe munthu, ngakhale fumbi. Adaseka yekha, nakonza kapusi yake, nawongola nambala imene adamumata pachifuwa. Adatsika chitundacho osagwira mabuleki, akuganiza za nkhope ya a Marita.

Polowera m'mudzi, pamsewu padali masamba. Nthambi zaziwisi, zongothyola kumene, zidayalidwa kuchoka mbali iyi kufika mbali inayo.

Palibe munthu wa ku Dowa amene amafunsa tanthauzo la masamba pamsewu. Pali maliro. Wa galimoto amayenda pang'onopang'ono, wa chipewa amavula, wa njinga amatsika n'kumakankha mpaka atadutsa masamba a mbali inayo. Felton adadziwa zonsezi, komabe miyendo idapalasa kawiri katatu payokha. Adaganiza zoweramitsa mutu n'kungodutsa. Adzanditcha wamwano, adzandilipitsa nkhuku, zidzatha. Koma uku kudali kuchikamwini, kumene ngakhale mbuzi zinkamudziwa dzina. Adafinya mabuleki mpaka tayala lakumbuyo lidakwekwereza, natsika, navula kapusi.

Mudzi wa Mphanda ndi wautali ngati chingwe, ndipo pamaliro munthu sathamanga. Felton ankayenda akukukuta mano, thukuta likuzizira pamsana, makutu ali kumbuyo kumvetsera matayala a anzake. Mpata wonse umene adauvutikira m'mapiri unkasungunuka iye akuona. Kulira kwa amayi kunkamveka chapakati pa mudzi. Atayandikira, adaona kuti anthu adzaza pakhomo lija la mtengo wa mango, pamene iye ankafuna kudutsa mwamatama.

A Benjamini, atsibweni a Lidia, adadzuka pagulu la amuna n'kubwera akutsimphina.

"Akamwini! Mwamva kwa yani msanga chonchi?"

"Sindidamve kanthu, atsibweni. Ine ndili pa mpikisano."

A Benjamini adayang'ana nambala ya pachifuwa ija ngati akuyang'ana chigamba wamba. "Mulungu ndiye wakutumani. Alongo anga, apongozi anu, atisiya m'mawa uno. Adapita kudimba bwinobwino, akuseka ndi anzawo, angoti mutu, n'kugwa. Chakudza sichiimba ng'oma, akamwini. Bwerani, khalani pansi."

Felton adatsamiritsa njinga pamtengo n'kukhala pansi pakati pa madoda. Akadatani? Adagwira chipumi monga achitira anthu pamaliro. Koma tinene zoona: chimene chidayamba kumufika pamtima sichidali chisoni ayi, udali mkwiyo. Masiku onse a m'chaka, a Marita adasankha lero! Moyo wawo wonse adamuseka za chikho, ndipo tsopano, tsiku loti awatseke pakamwa, adadzitsekera okha n'kumuyalira masamba panjira. Atazindikira zimene ankaganiza adachita manyazi, koma mkwiyowo sudachoke.

Posakhalitsa Sabiti adatulukira, akukankha njinga yake, chipewa chili m'manja. Adamuona Felton atakhala pasiwa, napukusa mutu momumvera chisoni, napitirira. Pambuyo pake padadutsa wina, kenaka wina, onse mwaulemu, onse akuyenda ngati akupita ku mgonero. Felton ankawaona akufika pa masamba a kumapeto kwa mudzi, kukwera, n'kuzimiririka.

A Benjamini sadafulumire. Adafotokoza za dimba, za amene adawanyamula, za loto limene adalota dzana. Pomaliza ndi pamene adafika pa mfundo. "Anyamata onse apita ndi lole ku chikondwerero, njinga m'mudzi muno mulibe. Ndiye inu pitani ku Mponela mukamuuze mwana wawo. Dzerani njira ya kudambo, ndiyo yachidule. Koma musakangomuphulitsira. Mukuudziwa mtima wake."

Felton adakankha njinga mpaka pa masamba omaliza, navala kapusi, nakwera. Kunja kwa mudzi njira idagawikana. Ya kudzanja lamanja inkatsikira kudambo, molunjika ku Mponela. Ya kumanzere inkazungulira phiri, ndipo pamwala padali muvi wa njereza. Adaima, phazi limodzi lili pansi. Zonse ziwiri zikupita ku Mponela, adadziuza. Womwalira sadzuka chifukwa choti uthenga wafulumira. Lidia akamva mochedwerapo pang'ono, ndiye kuti wapuma pang'ono. Adadziwa kuti akudzinamiza, ndipo adakhotera kumanzere.

Sadapalasepo chotero chibadwire. Mkwiyo uja udatsikira m'miyendo. Paphiri, pamene njira ndi miyala yokhayokha, anzake ankakoka njinga zawo zolemera ndi makaliyala ndi madigadi, iye adasenza yake n'kuwadutsa mmodzimmodzi akuthamanga. Bondo linkabaya ngati mwalowa singano ya makina, koma sadalimvere. Potsika adagwa m'chiputu, nadzuka chigongono chikutuluka magazi, nakweranso. Pofika kuchidikha kuja, malo a manyazi ake a chaka ndi chaka, patsogolo padali msana umodzi wokha.

Adamuyandikira Sabiti pang'onopang'ono. Atafika pambali pake, chala chachikulu chidafufuza belu pa handulo kuti naye amve kuwawa kwake. Belu kunalibe. Adalichotsa yekha, lidali m'chitini kunyumba. Ngakhale kakang'ono komweko tsikuli lidamumana.

Sabiti adacheuka, maso ali tong'o. "A telala! Si maliro anu aja?"

Felton adaweramira pa handulo n'kumusiya.

Ng'oma za pabwalo zidayamba kumveka, kenaka madenga a malata a Mponela adaoneka. Ana adali m'mitengo, ndipo atangomuzindikira adakuwa: "Telala! Telala watsogola!" Bwalo lonse lidaimirira. Anthu adapanga mpanda mbali ziwiri, ndipo kumapeto kwake kudali mzere woyera wa njereza, ndi tebulo, ndi chikho chimene Sabiti adachitsuka dzulo lake. Felton adacheuka kamodzi. Sabiti adali kumbuyo ndithu, woti sakadamupezanso.

Ndipo adamuona Lidia. Mkazi amene ankati zonsezi n'zachibwana adali atatuluka pamzere wa amayi, ataima pafupi ndi tebulo, nsalu atamanga m'chiuno, akudumpha ndi kululutira. "Abambo a Tabita! Palasani, abambo a Tabita!" Ankawomba m'manja mikono ili pamwamba pa mutu, ndendende momwe ankawombera a Marita pa zikwati.

Felton adaona zimene zikadatsatira. Akadadutsa mzere uja, anyamata akadamunyamula pamapewa. Akuluakulu akadalankhulanso, chikho chikadaperekedwa, ndipo Lidia akadavina pakati pa bwalo, anthu a kwa Mphanda amene adabwera ndi lole akumuimbira. Pambuyo pa zonsezo iye akadamutengera pambali. Ndipo moyo wake wonse Lidia akadakumbukira kuti adavina mayi ake atagona pamphasa, mwamuna wake akudziwa. Chikhocho akadachiika pati m'nyumba mwawo?

Misozi yaukali idamutuluka. Adafinya mabuleki patatsala mtunda woti mwana akadaponya mwala n'kufika pa mzere. Adatsika, navula kapusi, nayamba kukankha njinga pang'onopang'ono, atazolika mutu.

"Kwerani, inu!" anthu adakuwa. "Wapenga kodi? Tcheni chaduka? Thamangani nayo!"

Kumbuyo kudamveka matayala. Sabiti adamudutsa chapafupi, osapalasa, njinga ikungoyenda yokha mpaka kudutsa mzere. Belu sadalize.

Nthungululu za Lidia zidadukira pakati. Iye adakulira m'mudzi wa m'mbali mwa msewu, ndipo ankadziwa chimene chimatsitsa mwamuna pa njinga n'kumuvula chipewa. Adamuyang'ana akubwera, manja ake akutsika pang'onopang'ono mpaka adagwira pamimba.

"Ndani?" adafunsa.

Felton adali atakonza mawu aulemu, akuti kumudzi sikuli bwino, amayi adwalika. Koma onsewo adawasiya. "Tiyeni kumudzi, amake Tabita," adatero.

Lidia adamasula nsalu ya m'chiuno n'kuifunda kumutu, nazungulira kumbuyo kwa njinga kuti akwere. Adatambasula dzanja kuti agwire pokhala, koma lidangogwira tayala lafumbi. Adayang'ana tayalalo, nayang'ana mwamuna wake.

Adanyamuka wapansi kulowera njira ya kudambo, Lidia patsogolo, Felton akutsimphina pambuyo ndi njinga yake yopanda kaliyala.