Muiphe Ndikadali Moyo

"Bashi Lombe, nkhumba iyi inatha kalekale kukula. Mukudikira kuti imere nyanga?"

Chongo, wogula nkhumba wa ku Mpika, anali atatsamira mitengo ya khola, akuibayabaya pamsana ndi kamtengo. Nkhumbayo inangodzuma, n'kutembenuka, n'kupitiriza kufukula matope ndi mphuno. Njinga yake yamoto anali ataiimika pamsewu, zingwe zomangira zili lendelende kumbuyo.

"Sindikugulitsa," anayankha Bashi Lombe, maso ali pansi.

"Aa! Si inu munandiimitsa pamsika paja, mukuti bwera msanga tili ndi ulendo wa ku Lusaka? Ndawotcha mafuta anga kudzangoionera kukongola?"

"Ndasintha maganizo. Pepa, pita bwino."

Akazi awo, Bana Lombe, anali pakhonde akusenda chinangwa. Mpeni unaima m'manja mwawo. Anaponya maso pansi pa mtengo wa mango pamene panagona mwana wawo mmodzi yekhayo, Lombe, wa zaka khumi ndi zinayi. Anali atatsamira thumba la chimanga, chipewa chaubweya chili kumutu ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Chitenje chinaphimba pamene kale panali mwendo wake wamanzere. Maso anali otseka, koma mayi ake ankadziwa kuti sanagone.

Matendawo anayamba ngati kachotupa pabondo, ndipo onse ankati wavulala ku mpira wamanja. Atafika ku Lusaka anauzidwa kuti ndi khansa ya m'mafupa. Mwendo anadula. Mankhwala a m'diripi anathothola tsitsi lonse, nsidze zomwe. Ulendo womaliza, dokotala wina wachitsikana anaitanira makolowo m'kachipinda, n'kuwaonetsa chithunzi cha m'chifuwa chodzaza timadontho toyera. Anati yafika m'mapapo, ndipo chotsala n'kungochepetsa ululu. Anawapatsa botolo la mankhwala akumwa, n'kuwauza kuti apite naye kwawo. Ali m'basi, Lombe anafunsa kuti adzabweranso liti. Atate ake anayang'ana pazenera n'kunena kuti, "Tikagulitsa nkhumba."

Nkhumbayo inali ya Lombe. Anaipempha kwa anansi ili kamwana kofooka kamene anzake ankakakankha pabere, ndipo anailera ndi phala la m'botolo mpaka inayamba kudya madeya. Anaitcha Ahedi, chifukwa inkadzuma ngati mphunzitsi wamkulu wa pasukulu pawo akafuna kuyamba kulankhula pamzere.

Phokoso la njinga ya Chongo litazimiririka, Bashi Lombe anatenga khasu n'kulowera kudimba.

"Amayi, bwerani mudzandikande kumsana," anaitana Lombe.

Bana Lombe anapukuta m'manja, n'kukakhala pamphasa. Analowetsa dzanja m'malaya mwake. Mafupa a msana anali ngati mikanda yotungidwa pa ulusi.

"Chifukwa chiyani atate amubweza Chongo?"

"Mtengo wake unali woipa."

"Sanatchule mtengo. Ndimamva."

"Akufuna inenepe pang'ono."

"Ahedi anenepenso? Panopa sakukwana ndi pakhomo pa khola lawo pomwe." Lombe anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Anatsokomola nthawi yaitali, atatseka pakamwa ndi ngodya ya chitenje. Atachotsa, anaipinda msangamsanga, koma mayi ake anali ataona kale kufiira.

"Dzana azakhali atabwera," anapitiriza Lombe mpweya utabwerera, "anayamba apita kukhola asanandipatse moni. Anaiyang'ana uku ndi uku, kenako anauza atate kuti ikwanira. Ikwanira chiyani, amayi?"

Bana Lombe anasiya kukanda. Dzanja lawo linaima pakati pa mapewa a mwanayo.

"Kuchipatala kuja, mwana akapatsidwa botolo ngati langali sankabweranso. Mnzanga Kasuba anapatsidwa. Mnyamata wa ku Mansa uja woimbaimba anapatsidwa. Mawa lake tinkangoona akuyala nsalu zina pabedi lawo. Inu akuluakulu mumanong'onezana pakhomo, mumaganiza kuti ife tagona."

"Mwana wanga, Mulungu ndiye..."

"Amayi, musatero. Mulungu ndimufunsa ndekha. Panopa ndikufunsa inu."

Bana Lombe anayesa kufuna bodza lina m'mutu mwawo, koma onse anali atatha. Anachotsa dzanja m'malayamo n'kugwira la mwana wawo.

"Sitibwereranso ku Lusaka, Lombe."

Mtsikanayo sanalire. Anayang'ana m'mwamba, m'masamba a mango, mmene timango tinali tikadali ngati mazira a njiwa. Anakhala choncho mpaka mayi ake anayamba kuchita mantha.

"Ndiye kuti Ahedi mukusungira anthu odzabwera pamaliro anga," anatero pomaliza. "Ayi. Muiphe Loweruka likubwerali, ndikadali moyo. Muitane anzanga akusukulu."

Bashi Lombe anabwera dzuwa litapendeka. Akazi awo anawatsatira kuseri kwa nyumba kumene ankasamba miyendo, n'kuwauza zonse.

"Mwamuuza? Tinagwirizana chiyani, Bana Lombe?"

"Sindinamuuze ine. Wandiuza ndi iye."

Bamboyo anapita pansi pa mango miyendo ili chinyowere. Anaima pamutu pa mphasa, manja ali m'chiuno.

"Iwe, zimene wauza amako sizichitika. Phwando pakhomo pali matenda? Anthu adzati chiyani?"

"Anthu ake ati, atate? Amene adzadye nkhumba yanga ine ndili m'bokosi? Ndinawaona pamaliro a agogo. Ankakangana za feteleza, mafuta ali noninoni kukamwa."

"Khala chete!"

Chibadwire cha Lombe, atate ake anali asanamukalipirepo. Nkhuku zinabalalika. Mtsikanayo anadikira kuti bata libwerere, kenako analankhula motsitsa mawu.

"Ndinaidyetsa ndekha, atate. Makoko a chinangwa ndinkasenza ndine, ndili ndi miyendo yonse iwiri. Ndikungopempha kuti ndione amene akuidya."

Bashi Lombe anatembenuka n'kulowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sanadye. M'mawa mwake Bana Lombe anawaona akukankha njinga kupita kutchalitchi kukabwereka mphika waukulu.

Nkhani inafika kwa azakhali a Lombe, Bana Nkole, mphikawo usanafike n'komwe pakhomo. Anabwera akuwefuka, duku lili pambali, n'kukokera mlamu wawo m'khitchini.

"Mwapenga kodi nonsenu? Kumeneku ndi kuitana imfa. Mwana akanena zamisala, akuluakulu mumangoti eya?"

"Imfayo inabwera kale yosaitanidwa, alamu. Tikugona nayo m'nyumba muno."

"Nanga tsikulo likadzafika, anthu a ku Kasama, a ku Chinsali, mudzawapatsa chiyani? Mukufuna mchimwene wanga adzachite manyazi?"

"Tsitsani mawu, akumva."

"Ndikumvadi, azakhali," anatero Lombe ali panja. "Nanunso mubwere Loweruka. Mchira ndakusungirani."

Loweruka m'mamawa Lombe anapempha kuti amunyamule kupita kukhola. Atate ake anamukhazika pa chitsa pafupi ndi mitengo. Nkhumba inadzuka mwaulesi, n'kubwera kudzatulutsa mphuno pampata. Anaipatsa mbatata yophika, n'kumaikanda kuseri kwa khutu mpaka inatsinzina.

"Ahedi, lero mwapuma pantchito," anaiuza. Anapitiriza kuikanda pang'ono, kenako anachotsa dzanja. "Ndilowetseni m'nyumba. Sindikufuna kuona."

Bana Lombe anakhala naye pabedi, atatseka chitseko ndi zenera. Panja anamva amuna akuitanizana, mitengo ya khola ikugwedezeka. Kenako kulira kunayamba, kwakuthwa, kolowa mpaka m'mano. Lombe anakumba zikhadabo m'dzanja la mayi ake. Kulirako kunakwera, kunasasa, n'kuduka.

"Yatha?"

"Yatha."

"Sinachedwe."

"Ayi, sinachedwe."

"Nanga ine ndichedwa?"

Bana Lombe anafuna kumuuza kuti asalankhule zimenezo, koma anakumbukira kuti mwanayo anali atatopa ndi kutsekedwa pakamwa.

"Sindikudziwa, mwana wanga. Koma ndidzakhala pompano. Sindidzapita ngakhale kuchitsime."

Pofika masana, fungo la nyama yokazinga linali litafika mpaka kunjanji. Bana Lombe anali atapita okha kusukulu kukaitana kalasi yonse, koma makolo ambiri anakaniza ana awo. Anabwera ochepa okha, motsogozedwa ndi Mwika, mtsikana wamtali amene ankasewera ndi Lombe kutsogolo pa mpira wamanja. Anaima chapatali ndi mphasa, manja ali kumbuyo. Chibwerereni Lombe kuchokera ku Lusaka anali asanamuone, ndipo maso awo ankathawa nkhope yake n'kugwera pachitenje, kenako n'kuthawanso.

"Mwabwera kudzaona mtembo?" anafunsa Lombe. "Khalani pansi, matendawa simuwatenga. Mwika, ndamva kuti ana a kutsidya kwa njanji anakukwapulani. Ana oti amasewera atavala nsapato za amayi awo!"

"Woimbira anali wawo," anayankha Mwika motsitsa.

"Woimbira ndi amene amakugwira manja? Iwe utali wonsewo ndi wothyolera mapapaya basi."

Wina anaseka, ena n'kutsatira. Anakhala pansi. Bana Lombe anabweretsa beseni la nyama, chikanda chodulidwa ndi chidebe cha munkoyo, chakumwa chonga thobwa.

"Mukudziwa amene mukudyayo?" anatero Lombe. "Ndi Ahedi."

Mnyamata wina dzina lake Chomba anatsamwa ndi munkoyo. "Ndiye ine mundipatse khutu," anatero akupukuta misozi. "Anandikoka langa chaka chatha, lero ndibwezere."

Phokoso linakula. Anakamba za mphunzitsi wa masamu amene anagwa ndi mpando, za Chomba amene anagona m'mayeso. Bana Nkole anabweradi, n'kukhala kumbali ndi mbale yawo. Bashi Lombe anaima pamoto akutembenuza nyama imene inali itapsa kale, ndipo utsi unawapatsa chifukwa chopukutira m'maso.

Bana Lombe anasankha kachiwindi kofewa, n'kukadula tizidutswa. Lombe anaika kamodzi m'kamwa. Anatafuna, n'kutafuna, koma kukhosi kunakana. Anayesa kawiri, thukuta n'kutuluka pamphumi. Anzake atatembenukira kwa Chomba, anakoka dzanja la mayi ake n'kulavulira m'chikhatho mwawo.

"Yakoma," ananong'ona. "Musawauze."

Bana Lombe anafumbata dzanjalo n'kuliika pansi pa chitenje chawo.

Mwika, yemwe tsopano anali atasendera pafupi, anamugwira Lombe chala. "Ndiye ubwera liti kusukulu? Ngakhale kudzangotikalipira uli pambali pa bwalo."

"Sindibweranso, Mwika."

"Ngakhale chaka chamawa?"

"Chaka chamawa kudzakhala kulibe ine."

Kutafuna kunaima. Chomba anabweza m'mbale fupa limene anagwira. Mwika anayang'ana Bana Lombe kuti atsutse, koma mayiyo anangoweramitsa mutu. Mtsikana wamtaliyo anaphimba nkhope ndi manja amafuta n'kuyamba kusisima.

"Iwe, usandiyambire maliro pano," anatero Lombe, koma mawu ake anali atatha mphamvu. "Idyani, mumalize. Sindikufuna itsale." Anapuma movutikira, n'kuitana. "Atate, ndatopa."

Bashi Lombe anasiya moto. Anawerama n'kumunyamula ndi chitenje chake chomwe, ngati mmene ankamunyamulira ali wakhanda. Anawo anaimirira okha, osauzidwa. Pakhomo Lombe anakweza dzanja pang'ono pamwamba pa phewa la atate ake, chitseko n'kutsekeka.

Limenelo linali tsiku lomaliza kuti atuluke panja. Masabata otsatira botolo lija linasiya kuthandiza monga kale. Ankagona chokhala chifukwa akagona chagada mpweya unkathawa, ndipo mayi ake ankakhala kumbuyo kwake, msana wawo utatsamira khoma, kuti awatsamire pachifuwa. Madzi ankatunga ndi Bashi Lombe. Lombe anachedwa ndithu, kuposa mmene mayi ake ankapempherera. Anamwalira m'mawa wina mvula yoyamba ikuwaza, ali m'manja momwemo.

Pamaliro panabwera anthu ambiri, a ku Kasama ndi a ku Chinsali omwe. Amayi a mpingo anaphika nyemba ndi chigwada. Atabwerako kumanda, Bana Lombe anakhala pansi m'chipinda, miyendo itatambasulidwa, osaona amene akulowa kapena kutuluka. Bana Nkole anagwada pambali pawo n'kuika pakamwa pakhutu.

"Alamu, alendo akutali aja akufunsa ngati palibe ngakhale kankhuku."

Bana Lombe anatembenuka pang'onopang'ono n'kuwayang'ana.

"Kawauzeni kuti achedwa," anatero. "Amene ankafuna kudya ndi Lombe anabwera iye akuona."