Zala Ziwiri pa Pepala la Gideoni

Chaka cha 1934 mayeso a pamishoni anagwetsa anyamata ngati mango a mphepo, koma Gideoni mwana wa a Abrahamu anakhoza mpaka mzungu wa mishoni anapukuta magalasi n'kuwerenganso. Yendani kuchokera ku Beira mpaka ku Jubeki, mutu wotero simukaupeza.

Lolemba kunabwera pepala. Koleji ina ya kum'mwera ikumutenga, ndipo ilipira zonse: fizi, chakudya, pogona, mabuku, tikiti ya sitima, ngakhale nsapato. Chotsala chinali chakuti bambo wake adinde chala m'kabokosi ka m'munsi, pepalalo libwerere dzuwa la Lachisanu lisanalowe. Sabata ya pamishonipo ikayamba madzulo amenewo mzunguyo sagwira cholembera, ndipo thumba la makalata linali kunyamuka Lamulungu m'mamawa. Likachedwa, malo apita kwa wina.

A Abrahamu, amene anathyola tiyi pa esiteti zaka makumi awiri, anangoti chala chawo m'mwamba.

"Muchite chiyani?" anafunsa akazi awo, a Emma. "Mwana wa eni mumutumize kunja malume ake asanamve?"

A Abrahamu anatsitsa dzanja. Pamudzipo anali mkamwini. Mwini mbumba anali a Douglas, mlongo wawo wa a Emma, ndipo ankakhala ku Nsabwe.

Lachiwiri a Abrahamu anasiya dengu pamzere, kapitawo akutukwana, n'kuuyamba ulendo pepala lili m'malaya. Ku Nsabwe anamva kuti a Douglas apita kumaliro ku Khwethemule. Ku Khwethemule anapeza anthu atabalalika kale, akuti a Douglas atsata mlandu wa mbuzi ku Kapichi. Mvula inawapeza panjira, anakulunga pepala m'tsamba la nthochi. Akakhala pansi kuti apume, miyendo inkadzuka yokha.

Anawapeza a Douglas Lachisanu m'mawa atakhala pakhonde la mnzawo, akutafuna nzimbe.

"Alamu, mwathamangitsidwa ndi mkango?"

"Ndathamangitsidwa ndi inu, alamu. Munthu amakhala pakhomo."

Anafotokoza zonse. A Douglas anamvetsera mosafulumira, akulavula makoko.

"Nsapatonso amupatsa?"

"Amupatsa."

"Ndiye mutuwo ndi wakwathu. Kwanu kuja ndani anavalapo nsapato?"

Asanayankhidwe, a Douglas analanda pepala, anapaka chala mwaye wa m'khitchini n'kudinda pakatikati pa kabokosi kaja. A Abrahamu anatsomphola pepala lija. Malo a bambo anali atatha.

Anathamanga. Anadutsa m'minda ya tiyi osatsata njira, zitsamba zikuwakwapula m'maondo, maso ali pa dzuwa. Pofika pamishoni mithunzi ya bulugamu inali itafika kale pakhonde la ofesi, azimayi akusesa tchalitchi, Gideoni akuyendayenda pachipata. Mzunguyo anali akutseka kabati.

Anatambasula pepala lija n'kuyang'anitsitsa chidindo chakudacho.

"Abrahamu, chala ichi ndi chako?"

Kungoti inde, nkhani ikanathera pomwepo. Zala zonse zimafanana pamaso pa munthu wofulumira. Koma belu la Sabata linali pafupi kulira, ndipo a Abrahamu sanafune kulowa m'tchalitchi atasenza bodza.

"Ayi, bwana. Ndi cha mwini mwana."

"Nanga iwe ndiwe ndani?"

"Ine ndinangobereka."

Mzunguyo anayang'ana matope ofika m'maondo, anayang'ananso dzuwa. Kenaka anatsegula kabati, natulutsa inki.

"Dinda m'mbalimu. Ndilemba kuti mnyamatayu ali ndi eni awiri."

Chala cha a Abrahamu chinali chong'aluka ndi masamba a tiyi, ndipo chinasiya chidindo chodukaduka, chaching'ono poyerekeza ndi cha alamu awo. Mzunguyo anauzira inkiyo kuti iume, anaponya pepala m'thumba la makalata, belu n'kulira.

A Abrahamu anakhala pansi pamasitepe, koyamba chiyambire Lachiwiri miyendo inavomera.

"Gideoni," anatero, "nsapatozo zikakuthina, usakatumize kwa malume ako."