Shuga wa M'kapu Yachiwiri

Juliana anayamba kukayikira mwamuna wake tsiku limene anapeza shuga pansi pa kapu.

Cuthbert ankagwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina m'tauni ya Zomba, ndipo chaka chimenecho anali atayamba chizolowezi chachilendo. Loweruka lililonse m'mawa ankavala nsapato zakale, kuthira tiyi mufulasiki, ndi kunyamuka kwawo ku Matawale kupita kuphiri. Akafunsidwa chimene amakachita kumeneko, ankayankha kuti, "Kukangoyenda basi."

Yankho limeneli silinkamulowa Juliana. Iye anakulira m'munsi mwa phiri lomwelo, ndipo ali mtsikana ankalitsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu mpaka khosi kuuma. Ankawadziwa anthu amene amakwera phiri la Zomba: otola nkhuni, ocheka matabwa, opita kukapemphera, ndi alendo a makamera. Ankadziwanso za amuna amene amakwera ndi akazi osakhala awo, poti kumtunda kulibe aneba. Mwamuna wake sankabwera ndi nkhuni, ndipo Baibulo ankalisiya pa tebulo.

Loweruka lina madzulo, potulutsa fulasiki m'chikwama kuti aitsuke, anapezamo makapu awiri. Onse anali atamweredwa. Pansi pa kapu yachiwiri panali phala la shuga wosasungunuka. Cuthbert anasiya shuga zaka zitatu zapitazo adokotala atamuchenjeza, ndipo shuga wa m'nyumbamo sanachepe. Ndiye kuti munthu wa kapuyo ankabwera ndi shuga wakewake, akudziwa kuti tiyi akamupeza.

Sanafunse. Kufunsa kukanangomuphunzitsa Cuthbert kutsuka makapu asanafike kunyumba. Sabata yotsatira shuga analimonso. Pamenepo anaimbira foni malume ake, a Oliver, amene anali nkhoswe ya banja lawo.

"Malume, mubwere Lamlungu la sabata yamawa tikatuluka m'tchalitchi. Pali nkhani yoti mudzaimve bambo a Kelly ali pomwepo."

"Nkhani yotereyi imafuna umboni, mwanawe. Uli nawo?"

"Ndikhala nawo Loweruka."

Tsikulo litafika, anadikira kuti Cuthbert akhote pa ngodya, kenako anavala chitenje chong'ambika, kumanga duku mpaka m'maso, ndi kutenga chingwe ndi chikwanje. Ankadziwa kuti mayi wopita kunkhuni palibe amene amamuyang'ana kawiri.

Cuthbert anadutsa m'tauni ndi kulowa njira yachidule imene amatsikira ogulitsa mbatata. Ankayenda mosafulumira, akuima apa ndi apo kuyang'ana m'mitengo. Nthawi iliyonse akaima, Juliana ankawerama ngati akufuna nthambi. Atafika pamwamba, Cuthbert anapatsana moni ndi mayi wina wogulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu, ndipo anaseka naye kanthawi. Juliana anamuyang'anitsitsa mayiyo podutsa. Anali wachikulire, wa msinkhu wa amayi ake. Si ameneyu.

Anadutsa damu la Mulunguzi, nkhungu ikadali pamwamba pa madzi, ndi kulowa m'mitengo ya paini. Kumeneko kunali zii. Kenako Cuthbert anasiya msewu ndi kutsata kanjira kakang'ono kotsikira ku mtsinje. Juliana anamutsatira chapatali. Munthu wongoyenda sasankha malo obisika chotero.

Pafupi ndi mathithi panali thanthwe. Cuthbert anakhalapo, kutulutsa fulasiki, ndi kuika makapu awiri moyandikana. Atatero anayang'ana wotchi.

Juliana anabisala kuseri kwa mtengo, maso ali pa kanjira ka tsidya lina.

"Mayi, ikani chikwanjecho pansi."

Mawuwo anachokera kumbuyo kwake. Atatembenuka anaona mlonda wa nkhalango, bambo wamfupi waimvi, atavala yunifolomu yobiriwira yosuluka. Juliana anaika chikwanje pansi, ndipo mlondayo anachiponda ndi jombo.

"Chiphaso chotolera nkhuni chili kuti?"

Juliana anali ataiwaliratu zimenezo. Pa utsikana wake iwo akaona mlonda ankangotaya mtolo ndi kuthawa.

"Ndaiwala, bambo."

"Mwaiwalanso nkhuni zimene. Ndakutsatani kuchokera pa damu paja. Mwadumpha nthambi zouma zokwana mitolo khumi osatola ngakhale imodzi. Maso anu ali pa chikwama cha bambo awo. Anzanu abisala pati?"

"Ine si wakuba."

"Onse amene ndinawagwirapo anandiuza zomwezo. Tiyeni, mwini chikwama akuoneni nkhope."

Anatola chikwanje ndi kumuuza kuti atsogole. Cuthbert atamva mapazi anatembenuka akumwetulira, koma kumwetulirako kunatha ataona mayi wa chitenje chong'ambika. Anayang'ana kawiri.

"Mayi a Kelly?"

"Mukuwadziwa?" anafunsa mlondayo.

"Ndi akazi anga, a Stambuli."

A Stambuli anayang'ana chikwanje chimene chinali m'manja mwawo, kenako anayang'ana Cuthbert. "Ndiye munawalakwira chachikulu, achimwene."

Manyazi a Juliana sanakhalitse. Anavula duku ndi kuloza pa thanthwe. "Kapu iyo ndi ya yani? Mukudikira yani kuno kutchire?"

"Amene ndimawadikira afika kale," anatero Cuthbert.

Juliana anayang'ana uku ndi uku, m'zitsamba ndi kutsidya kwa mtsinje. Sanaone munthu. Kenako maso ake anabwerera kwa mlonda uja, ndipo zonse zinaoneka ngati zamveka.

"Ooh, ndiye ntchito yanu ndi imeneyi, bambo? Kulondera njira kuti mkazi wa kunyumba akatulukira, winayo apeze mpata wothawa?"

"Mayi, ine ndimalondera mitengo," anayankha a Stambuli. "Ndipo za m'banja la eni sindilowerera m'mimba muli mozizira. Thirani, achimwene."

Anakhala pa thanthwe, kuika chikwanje pakati pa miyendo, ndi kutenga kapu yachiwiri ija. Cuthbert anathira tiyi. A Stambuli anapisa dzanja m'thumba la malaya ndi kutulutsa kapulasitiki komanga mfundo. Anakamasula ndi mano, kukhuthulira shuga wambiri m'kapumo, ndi kuizunguza pang'ono.

"Vuto la bambo awa ndi limodzi," anatero. "Miyezi inayi tsopano ndikuwauza za supuni. Theka la shuga wanga limatsalira pansi."

Juliana anayang'ana kapulasitikiko nthawi yaitali. Komabe sanafune kugonja msanga.

"Nanga munayamba bwanji kunyamulira makapu munthu wosamudziwa?"

"Kapuyo inali yanu," anatero Cuthbert. "Loweruka loyamba lija ndinakupemphani kuti tipitire limodzi. Munandiseka, munati phirili munalikwera mokwanira. Makapu ndinali nditalongedza kale. Yachiwiriyo sindinasiye kuinyamula, ndinkati mwina tsiku lina mudzasintha maganizo."

"Ndiye ine ndinawapeza pompano," anawonjezera a Stambuli. "Masabata atatu ndinkawazemberera m'mitengomu monga mwachitira inumu. Munthu wa konkuno kukwera phiri wopanda chingwe, wopanda Baibulo, wopanda mkazi? Ndinkati akusankha mitengo yoti adzabe, kapena ndi aja otentha nkhalango. Tsiku limene ndinawagwira ndinapeza akuyang'ana madzi. Madzi okha basi. Mpaka lero sindimvetsa, koma tiyi wawo ndi wabwino."

Juliana anapisa dzanja m'chitenje ndi kutulutsa foni. Anakwera pamwamba pa thanthwe pamene netiweki inkagwira.

"Malume, mawa musavutike kubwera."

"Nanga umboni uja?"

"Ndamuona munthu wake. Ali ndi imvi, ndipo wavala jombo."

Atadula foni anapeza Cuthbert akumuyang'ana, nkhope itagwa.

"Munafika mpaka kwa ankhoswe, mayi a Kelly? Osandifunsa ine?"

"Ndikanafunsa mukanayankha chiyani? Kukangoyenda basi."

Cuthbert anayang'ana ku mathithi. Kenako anati, "Mu ofesi muja muli phokoso sabata yonse, ndipo kunyumba mawailesi a aneba salekeza. Kuno mutu wanga umakhala chete. Ndinkaona ngati ndikanena choncho mundisekanso."

"Ndikanaseka," anavomera Juliana.

Cuthbert anathira tiyi m'kapu yake ndi kumupatsa. Juliana anakhala pa thanthwe. Aka kanali koyamba kukhala pansi m'phiri limeneli popanda mtolo womudikira pambali, ndipo manja ake sankadziwa chochita. Kawiri konse maso ake anabwerera pa kanjira ka tsidya lija. Sipanatulukire munthu aliyense.

"Chikwanje chanu mukachipeza pa geti potsika," anatero a Stambuli. "Ndipo Loweruka likubwerali, ngati mukubweranso, muchisiye kunyumba."

"Ndibwera," anatero Juliana. "Kapu iyo ndi yanga. Inu mudzabwere ndi yanu."

Analawa tiyi uja ndi kukwinya nkhope. A Stambuli anamupatsira kapulasitiki ka shuga.