Mizere Itatu ya Mbiri ya Amayi

Pepala linali ndi mizere itatu yokha: anabadwa, anakwatiwa, anamwalira. Zaka 86 zathera pomwepo. Maliro anali mawa lake, ndipo wosindikiza mapepala a mwambowo anali atanenetsa kuti ikakwana 12 koloko salandiranso kanthu.

Mwana woyamba wa malemuwo, yemwe onse ankamutcha Achemwali, anakhala pabedi la amayi awo cholembera chili m'manja. Mayina a mankhwala a amayiwo ankawadziwa pamtima, koma za moyo wawo, mutu unali mbee.

"Ingolembani kuti anali okonda anthu ndi opemphera," anatero mlongo wawo ataima pakhomo. "Adzafufuza ndani?"

"Zidzukulu khumi ndi ziwiri zimve zokhazo?"

"Ndiye pekani. Nthawi yatha."

Akukangana choncho, analowa namwino yemwe ankabwera Lachiwiri lililonse kudzatsuka bala la pamwendo pa amayiwo. Anadzatenga ndodo zoyendera zomwe anawabwereka.

"Pepani polowerera," anatero. "Musawapekere. Mwalembapo kuti anaphunzira kuwerenga ali ndi zaka 52?"

"Amayi sankadziwa kuwerenga," Achemwali anayankha mwaukali.

"Ankadziwa. Ankati mutapita kutali kukagwira ntchito, zinkawawawa kuti makalata anu aziwawerengera oyandikana nawo. Anaphunzira mobisa kwa zaka ziwiri, kuopa kusekedwa. Ine ndinkangowafunsa potsuka bala kuti aiwale ululu, iwo n'kumasimba."

Namwinoyo analoza pansi pa matiresi. Achemwali anapisapo dzanja n'kutulutsa makalata asanu ndi awiri, otha m'mapindiro chifukwa chofunyululidwa kawirikawiri. Zilembo zake zinali za Achemwali omwewo.

Manyazi ndi chisoni zinawagwira Achemwali. Anali atasiya kulemba makalata poganiza kuti akungovutitsa anthu owerengera. Foni itabwera, funso linali limodzi tsiku lililonse: "Mwamwa mankhwala?"

"Ankati chiyani nditasiya kulemba?" anafunsa chapansipansi.

"Ankati mwatanganidwa. Ankangobwereza omwewa."

Mlongo uja anasuzumira pawotchi. Achemwali anatembenuza pepala lija, napukuta misozi ndi chikhatho.

"Khalani pansi, anamwino. Yambirani poyamba."

Wosindikiza analandira masamba awiri odzaza kutatsala mphindi zochepa. Pafupifupi zonse zinachokera kwa munthu amene sanali m'bale wawo.

Phunziro: Kusamala makolo si mankhwala okha. Afunseni za moyo wawo akadali ndi mpweya, chifukwa tsiku lolemba mbiri yawo iwo sadzakhalapo kuti akuyankheni.