Imran Atsika Kumbuyo kwa Amake

Imran anali atapitirira chaka ndi theka koma anali asanayambe kuyenda. Anzake obadwa nawo mwezi umodzi anali akuthamangitsa kale nkhuku ku Kachulu. Iye ukamuimika, timiyendo tinkangonjenjemera, kenako n'kukhala pansi. Malaya amene anavala pa Idi ya chaka chatha ankamukwanabe.

Mayi ake, Rehema, ankayanika matemba pamathandala pafupi ndi doko. Mwamuna wake, Bashiru, ankakhala m'zimbowera, timisasa toyandama pakati pa nyanja ya Chilwa momwe asodzi amagonamo osabwera kumtunda. Kwawo kwa Rehema kunali ku Songani, ndipo kuno analibe m'bale woti n'kumuuza zakukhosi.

Pamjigo sachedwa kupeza dzina la matenda a mwana wa mnzawo. Amayi anayamba kunong'onezana kuti mwanayo anasemphedwa, kutanthauza kuti mmodzi mwa makolo ake anayenda kunja kwa banja mwana akadali wakhanda. Bashiru atazimva anangoti, "Ine ndimakhala m'madzi. Amene uli kumtunda ndiwe." Anakwera bwato, ndipo sanaonekenso kwa miyezi ingapo.

Mawu amenewo anamupweteka Rehema kwambiri. Anasiya kupita ku sikelo poopa maso a anthu. Madzi ankatunga anzake atachoka. Tsiku lonse Imran ankakhala kumbuyo, atamukulunga m'chitenje kuti anthu asaone miyendo yake. Rehema ankangocheza ndi mwanayo basi, yemwenso sankayankha.

Tsiku lina mayi Cecilia, alangizi a zaumoyo, anamupeza akutembenuza matemba yekhayekha.

"Amake Imran, ku sikelo mwatitaya. Kwagwanji?"

"Palibe, mayi. Ntchito basi."

"Tamutsitsani ndimuone."

Rehema anamasula chitenje akuyang'ana uku ndi uku. Mayi Cecilia anamugwira mwanayo mikono, n'kumuyang'ana m'maso ndi m'manja.

"Amadya chiyani?"

"Bere, ndi phala la ufa woyera lothira mchere."

"Nanga awa?" anafunsa akuloza pathandala.

"Matemba? Ali ndi minga, mayi, angamutsamwe. Amenewa ndi a akuluakulu."

"Pansi amasewerapo?"

"Pano pali matope ndi mbedza zotayika. Ndingamuike pati?" anatero Rehema. "Komanso anthu akuti ndinamusempha. Mulungu akudziwa, sindinachite kanthu."

"Zimenezo ndazimva," anatero mayi Cecilia mofatsa. "Mwana akamachedwa kukula pamakhala zifukwa zambiri, ndipo sitizipeza pamjigo. Timazipeza pomupima. Mawa ndidzakutengani, tidzapite limodzi."

Kuchipatala anapeza kuti Imran anali ndi magazi ochepa komanso njoka za m'mimba. Miyendo yake inalibe chilema. Anamupatsa mankhwala ndi chiponde, n'kumuuza Rehema kuti asamadumphe sikelo.

Atabwerera, mayi Cecilia anamuphunzitsa kukazinga matemba ouma, kuwasinja mumtondo ndi kuwasefa mpaka akhale ufa wopanda minga. Ufawo ankauthira m'phala la mgaiwa pamodzi ndi nsinjiro ndi masamba. Rehema anaseka koyamba patapita nthawi yaitali.

"Ndiye kuti chakudya cha mwana wanga ndakhala ndikuchikweza minibasi kupita ku Zomba?"

"Tsopano muzisiyako ka m'manja," anayankha mayi Cecilia. "Ndipo mumutsitse. Kumbuyo mwana saphunzirako kuyenda."

Rehema anasesa malo pansi pa mtengo n'kuyalapo mphasa. Zinthu sizinasinthe msanga. Masiku ena Imran ankalavula phala, n'kumalirira kumbuyo komwe anazolowera, ndipo Rehema ankalira naye limodzi. Koma sikelo inayamba kukwera pang'onopang'ono. Mwanayo anayamba kuimirira atagwira mwendo wa thandala, kenako kuzungulira nalo.

Mvula itatsala pang'ono kuyamba, Bashiru anatulukira ndi dengu la nsomba. Anaima patali ngati mlendo, osadziwa poyambira. Imran anaona nsomba zikunyezimira m'dengumo. Anasiya thandala, n'kuponya mwendo umodzi, kenako wina, mpaka anakagwira buluku la bambo ake.

Bashiru anatula dengu n'kugwada. "Wapita naye kwa ndani?"

"Kuchipatala," anayankha Rehema. "Anali ndi njoka za m'mimba, magazi ochepa ndi njala. Za kusempha sanazipeze."

Bashiru anayang'ana pansi. "Ndinakusiya wekha pa nthawi yovuta, make Imran. Undikhululukire. Tsiku la sikelo ndidzamunyamula ndine."

Mwana akamachedwa kukula kapena kuyenda, tisamubise ndiponso tisalozane zala. Tipite naye kuchipatala msanga, timupatse chakudya chakasinthasintha, ndipo timusiye asewere pansi pamalo abwino. Mayi amene ali ndi nkhawa yotere asamasiyidwe yekha.