Kabokosi pa Tsamba 214

"Mwalakwitsanso," anatero bambo Pyo, chala chili pa pepala. "Mkazi wanga sanali kabokosi."

Nam, mwini malo osindikizira mabuku mumzinda wa Daegu, sanadzuke n'komwe pampando. Ankasindikiza buku la mibadwo ya banja la a Pyo. Chaka chimenecho akuluakulu a banjalo anali atalola koyamba kuti akazi okwatiwa alembedwe mayina awoawo, osati mfunda wa atate awo wokha. Koma pa tsamba 214 dzina la malemu Eun-mui, mkazi wa bambo Pyo, linatuluka theka: Eun, kenako kabokosi kopanda kanthu.

"Achikulire, musandide ine," anatero Nam, akutakasa khofi m'kapu ya pepala. "Kompyuta sidziwa kuphatikiza zilembo. Phatikizo lililonse lili ndi nambala yake, ndipo akatswiri anapereka manambala kwa maphatikizo 2,350 okha, amene anthu amalemba tsiku ndi tsiku. 'Mui' wanuyo mulibemo."

"Zilembo zathu zimabala maphatikizo opitirira 11,000. Ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu, ndipo ngakhale mwana wamamina ankalemba 'mui' pabolodi. Chimakina chanu chonyadachi chikulephera?"

"Tingolemba 'Mi'. Adzadziwa ndani? Eni ake dzinalo sabwera kudzadandaula."

Bambo Pyo anamuyang'ana monga momwe ankayang'anira mwana wobera mayeso.

"Kodi nsapato ikakuthinani, mumadula chala?"

"Timadikira ina," Nam anaseka. "Akuti akukonza manambala atsopano okwanira maphatikizo onse. Pirirani zaka zitatu, mwina zisanu."

Bambo Pyo anali ndi zaka 74, ndipo mabukuwo ankafunika kugawidwa kwa abale pa chikondwerero cha zokolola, milungu itatu kutsogolo. Anapinda pepalalo bwinobwino.

"Chotsani kabokosiko. Musiyepo malo."

"Mabukutu ndi mazana atatu, achikulire!"

"Kuwerenga ndimatha."

Mabuku atatuluka, bambo Pyo anabwera m'mawa ndi kaburashi ndi inki. Anakhala pakona, pafupi ndi mulu wa mabuku, n'kumatsegula tsamba 214, kulemba phatikizo limodzi, kuuzira kuti liume, kutseka. Sanadye nawo chakudya cha masana.

Chakumadzulo Nam anasuzumira, akutokosa m'mano.

"Mwafika pati, aphunzitsi?"

"Makumi asanu ndi atatu," anayankha bambo Pyo osatukula mutu, akuviika kaburashi mu inki. "Nanga makina anu afika pati?"